Gwero la Mitu ya Ndakatulo ndi Zimangirizo mu Mzinda wa Blantyre

Wophunzira wa ku sekondale akapatsidwa mutu woti alembepo chimangirizo kapena ndakatulo, kawirikawiri amauona ngati kanthu kakang'ono kongoyambira ntchito. Komatu mbiri ya zolembalemba m'dziko la Malawi imaonetsa kuti funso lakuti ndani asankhe mutu woti munthu alembepo lakhala lalikulu ndithu, moti anthu ena analowa nalo m'ndende ndipo ena anathawa nalo kwawo. Mzinda wa Blantyre, pamodzi ndi madera ake monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, ndi malo abwino ofufuzirapo mbiri imeneyi chifukwa ndi kumene kunali makina oyamba osindikizira mabuku m'chigawo cha kumwera, nyumba youlutsira mawu, makampani ofalitsa mabuku ndiponso sukulu yoyamba ya ukachenjede.

Kalekale, zolemba zisanafike, Amang'anja ndi Ayao amene ankakhala m'munsi mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru anali kale ndi ndakatulo zawo za pakamwa. Panalibe munthu wowapatsa mutu, pakuti mutu unkachokera pa chimene chagwa m'mudzi. Maliro ankabala nyimbo za chisoni, chinamwali chinkabala nyimbo za mwambo, ndipo chilala chinkabala mapemphero a kukachisi. Mayi amene wasautsidwa m'banja ankapita pamtondo, nayamba kuimba madandaulo ake motsatana ndi kugunda kwa munsi. Mwamuna wake, apongozi ake ndi mudzi wonse ankamva, koma panalibe womuimba mlandu chifukwa mwambo unkalola kuti zimene munthu sangathe kuzinena pamaso zinenedwe m'nyimbo. Pamtondo ndi pamene mayi ankasinkhasinkha za moyo wake mokweza mawu.

Umboni wa mphamvu ya nyimbo zoterezi unaoneka pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre. Patapita zaka zambiri, katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya m'bomali kufunsa za njalayo, ndipo zimene anapeza anazisindikiza m'buku mu 1987. Iye anaona kuti malipoti a atsamunda ankakamba za matumba a chimanga ndi ndalama zimene boma linaononga, pamene nyimbo za pamtondo zinasunga zimene malipotiwo sanalembe. Zinasunga nkhani za amuna amene anapita kukasuma kutali osabwerera, ena n'kukakwatira komweko, ndi za amayi amene anatsala okha ndi ana. Amayi amenewo sanapite kusukulu, koma anasiya mbiri yoona chifukwa anaimba zimene anaziona ndi maso awo.

Kusintha kunayamba mu 1876 pamene amishoni a mpingo wa Church of Scotland anakhazikitsa mishoni yawo, naitcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa David Livingstone. Amishoniwa anatsegula sukulu ndipo anabweretsa makina osindikizira. Mbusa David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anatulutsa mu 1892 buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja, momwe analembamonso miyambi ndi miyambo imene anamva kwa eni dziko. Kuyambira pamenepo mwana wa sukulu anayamba kulemba pa sileti, kenaka papepala, ndipo kwa nthawi yoyamba mutu unayamba kuchokera kwa munthu wina, ndiye mphunzitsi. Mitu yambiri inali ya m'Baibulo, ya ukhondo ndi ya makhalidwe abwino. Phindu lake linali lakuti anthu anaphunzira kusanja maganizo awo mwadongosolo, koma vuto lake linali lakuti anazolowera kulemba zokondweretsa wopereka mutu.

Ngakhale zinali choncho, ena mwa ophunzira oyambawo anagwiritsa ntchito luso lolemba pa nkhani za kumtima kwawo. Mu Novembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times ya ku Blantyre. M'kalatamo anadandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo imene sankadziwa chiyambi chake. Mutu umenewu sanapatsidwe ndi wina aliyense, ndipo boma la atsamunda linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Mu Januwale 1915 Chilembwe anaukira boma. Chitsanzo china, chofatsa, ndi cha Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Atakalamba analemba m'Chinyanja zimene ankakumbukira za chiyambi cha mishoni ya Blantyre, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1951. Chifukwa cha iye, mbiri ya mishoniyo imamvekanso kuchokera pakamwa pa mwana wa m'dzikomo.

Njira ina imene mitu inkafikira alembi inali mipikisano. Bungwe lina la ku London loona za ziyankhulo ndi miyambo ya mu Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1926, linkaitanitsa zolemba za m'ziyankhulo za makolo. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, anapambana mphotho ndi buku lake lotchedwa Nthondo, limene linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Mpikisano wina wa bungwe lomweli unabala zimangirizo zitatu za John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara zofotokoza miyambo ya makolo. Zimangirizozi zinamasuliridwa ndi Young mothandizana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo zinasindikizidwa mu 1946. Apa pakuoneka kuti mutu wopatsidwa ndi munthu wina ungathe kubala chinthu chokhalitsa ngati ukumutumiza mlembi kukatapa m'nkhokwe ya zimene iye akudziwa bwino.

M'zaka zomwezi mzinda unali kukula. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo makampani a fodya ndi a malonda ankafuna antchito ambiri. Anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi kumpoto anamanga nyumba zawo kunja kwa madera a azungu ndi amwenye. Ndirande inakula m'munsi mwa phiri lake, pafupi ndi mafakitale. Chilomoni inakula chakufupi ndi Michiru, Zingwangwa chakufupi ndi Soche, Bangwe kupitirira Limbe, ndipo pambuyo pake Machinjiri inafutukuka kuseri kwa phiri la Ndirande. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956. Moyo wa m'tauni unabweretsa nkhani zimene makolo sankazidziwa: lendi ya nyumba, malipiro a pamwezi amene amatha mwezi usanathe, kusowa ntchito, ukwati wa anthu a mitundu yosiyana, ndiponso kupukwa kumudzi. Mu Ndirande Mlomwe, Mngoni, Msena ndi Mtumbuka ankatunga madzi pamalo amodzi, ndipo chiyankhulo chimene chinkawalumikiza chinali Chinyanja. Anthu amenewa ndiwo anadzakhala owerenga ndi omvera a alembi a m'zaka zotsatira.

Ndakatulo zolembedwa m'Chinyanja zinayamba kudziwika bwino ufulu utayandikira. E. J. Chadza anatulutsa buku la Ntchito ya Pakamwa mu 1963, ndipo J. W. Gwengwe nayenso analemba ndakatulo ndi mabuku ena okamba za mwambo. Mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu wodzilamulira, wailesi ya MBC inayamba ntchito ku Blantyre, ndipo magazini ya Moni inayamba kutuluka ku Limbe. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira Chichewa. Izi zinapatsa alembi a Chichewa mwayi waukulu m'sukulu ndi pawailesi, ngakhale kuti zinapweteka ziyankhulo zina monga Chitumbuka, chimene chinachotsedwa pawailesi ndi m'manyuzipepala.

Koma chaka chomwecho cha 1968 chinabweretsanso lamulo lokhazikitsa bungwe la Censorship Board, limene linali ndi mphamvu yoletsa buku, sewero, nyimbo kapena kanema aliyense. Pofika 1975 bungweli linali litaletsa mabuku oposa 800. Kuyambira pamenepo mitu inagawika pawiri. Panali mitu yosaopsa, monga kuyamikira mtsogoleri, kulimbikira ntchito kumunda, kukongola kwa nyanja, ulemu kwa makolo ndi kuipa kwa uchidakwa. Panalinso mitu imene munthu sankayerekeza kuilemba, monga za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za nduna zimene zinathawa mu 1964, kapena za umphawi umene unkaoneka poyera m'madera ngati Ndirande ndi Bangwe. Mphunzitsi posankha mutu wa chimangirizo ankayenera kusamala, pakuti sankadziwa kuti kope la mwana likafika m'manja mwa yani. Motero mbadwo wathunthu wa ophunzira unakula ukulemba za ulendo wa kumudzi ndi za tsiku la chikondwerero, uku zimene zinkawadya mumtima zikutsala osalembedwa.

Mkati mwa mantha amenewa munabadwa gulu limene linasintha mbiri ya ndakatulo m'Malawi. Sukulu ya ukachenjede ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo koleji ya Chancellor inali ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, kufikira 1973 pamene inasamukira ku Zomba. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pakolejiyi anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Ena mwa oyambitsa anali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, David Kerr ndi Landeg White, ndipo m'kupita kwa nthawi gululi linadziwikanso ndi mayina a Steve Chimombo, Felix Mnthali, Frank Chipasula, Ken Lipenga ndi Anthony Nazombe. Kachitidwe kawo kanali kosavuta. Ankakumana sabata ndi sabata. Amene walemba ndakatulo kapena nthano ankaichulukitsa pamakina, aliyense n'kulandira pepala lake. Mlembiyo ankawerenga mokweza, ndipo anzake ankaisanthula mzere ndi mzere mosayang'ana kuti uyu ndi mphunzitsi, uyu ndi wophunzira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo alembiwa anazindikira kuti ndakatulo imakhwima ikadutsa m'makutu a anthu ena. Mu 1971 anatulutsa buku lawo loyamba lotchedwa Mau, lokhala ndi ndakatulo 39 za m'Chingerezi, ndipo linasindikizidwa ku Hetherwick Press, mu Blantyre momwemo.

Chinthu chofunika kwambiri chimene gululi linachita chinali kupeza gwero latsopano la mitu. Poona kuti sangathe kutchula zinthu mwachindunji, anabwerera ku nthano ndi zikhulupiriro za makolo. Anatenga bilimankhwe, amene amasintha maonekedwe kuti apulumuke ndiponso amene m'nthano anachedwa ndi uthenga wa moyo. Anatenga Napolo, chinjoka chimene amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Anatenga Mbona wa ku Khulubvi ndi Kaphirintiwa, kumene Achewa amati kunayambira anthu. Polemba za zinthu zimenezi ankaphiphiritsa za ulamuliro wa nthawi yawo, ndipo wowerenga wanzeru ankamva. Chimombo analemba sewero lonena za Mbona, limene kampani ya Popular Publications ya ku Limbe inasindikiza mu 1978, ndipo ndakatulo zake za Napolo zinatuluka mu 1987. Kunena zoona, alembiwa ankachita zomwe ankachita mayi wa pamtondo uja, kunena choonadi mozungulira. Kusiyana kwake kunali kwakuti mudzi unkamuteteza mayiyo, pamene iwo analibe wowateteza.

Mtengo wake unali wowawa. White anapirikitsidwa m'dziko muno mu 1972. Mnthali anatsekeredwa mu 1976. Chipasula ndi Mphande anakakhala kunja. Buku la Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods linatuluka ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'sukulu ndi m'masitolo a mabuku m'Malawi. Pa 25 Sepitembala 1987 Mapanje anamangidwa ku Zomba, nakakhala kundende ya Mikuyu kufikira Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'ndendemo sankaloledwa kukhala ndi pepala ndi cholembera, choncho ankapeka ndakatulo m'mutu. Atatuluka, zambiri za mizere zinali zitaiwalika, koma mitu yake anaisunga, ndipo kuchokera pa mituyo anazimanganso. Zina mwa izo zinatuluka m'buku mu 1993. Nkhani imeneyi ikuonetsa kuti mutu wabwino uli ngati mbewu yosungidwa m'chigulu, imene imadikira mvula ngakhale patapita zaka.

Pa nthawi yomweyi alembi a Chichewa sanakhale chete. Makampani a ku Blantyre ndi ku Limbe, monga CLAIM, Dzuka ndi Popular Publications, anasindikiza mabuku amene anafika m'sukulu zambiri. Mu 1981 Enoch Timpunza Mvula anasonkhanitsa ndakatulo za Chichewa m'buku lotchedwa Akoma Akagonera. Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba analemba nthano zazitali zokhudza mavuto a tsiku ndi tsiku, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga anadzatchuka ndi ndakatulo zoyala bwino Chichewa. Popeza ndale zinali zoletsedwa, alembiwa anazama pa nkhani za chikondi, za banja, za umasiye, za dyera ndi za mnyamata wa kumudzi amene wasokonezeka ndi moyo wa m'tauni. Wailesi inathandiza kuti ndakatulo zifike kwa anthu osatha kuwerenga, moti banja la ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni linkatha kumva mavuto ake omwe akutchulidwa ndi mlakatuli amene silinamuonepo.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo inatchula poyera zimene anthu ankangonong'onezana. Mu Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito, chipolowe chinafalikira mu Blantyre ndi Limbe, ndipo anthu pafupifupi 40 anaphedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho chachikulu. Malamulo atsopano oyendetsera dziko anapatsa munthu aliyense ufulu wonena maganizo ake. Manyuzipepala anachuluka, bungwe la alembi la Malawi Writers Union linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera mawailesi osakhala a boma. Maphunziro aulere a ku pulayimale, amene anayamba mu 1994, anachulukitsa ana odziwa kulemba ndi kuwerenga.

Ufulu umenewu unabwera ndi mayeso akeake. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, anatenga anthu ambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Boma ndi mabungwe anaona kuti ndakatulo ndi njira yachangu yofikitsira uthenga kwa anthu, choncho anayamba kuitanitsa ndakatulo pa mitu ya Edzi, ufulu wa amayi, katangale ndi chilengedwe. Ntchito imeneyi inaphunzitsa anthu ambiri, koma inabalanso ndakatulo zambiri zofanana ngati mazira, zodzala ndi malangizo koma zopanda munthu weniweni m'kati mwake. Ndakatulo yongonena kuti Edzi ndi yoopsa imaiwalika msanga. Imene imakhala mumtima ndi yofotokoza agogo a ku Bangwe akuphikira adzukulu asanu m'kampoto kamene kale ankaphikiramo anthu awiri. Kale mlembi ankaopa wopereka chilango, ndipo tsopano anayamba kuyesedwa ndi wopereka mphotho.

Mbiri yonseyi ili ndi phunziro kwa wophunzira ndi kwa mphunzitsi. Zolemba zimene zakhalitsa, kuyambira nyimbo za njala ya 1949 mpaka ndakatulo za ku Mikuyu, zinachokera pa chinthu chimene mlembi anachiona, nachimva kuwawa kapena kukoma kwake. Choncho mutu wothandiza ndi umene umamubweza wophunzira ku moyo wake ndi kumufunsa funso limene yankho lake sangalikope m'buku. M'malo molemba za umphawi m'Malawi, mwana wa ku Ndirande angalembe za zimene amamva m'bandakucha pamene anthu akutsika phiri kupita kuntchito wapansi. Wa ku Machinjiri angalembe za mzere wa ndowa pampopi tsiku limene madzi avuta, ndi nkhani zimene amayi amakamba podikira. Wa ku Chilomoni angafunse agogo ake mmene phiri la Michiru linkaonekera iwo ali ana, nayerekeza ndi mmene likuonekera lero. Wina angalembe kalata yopita kwa kholo limene linamwalira, kapena kufotokoza tanthauzo la dzina lake ndi chifukwa chimene anamutchulira dzinalo.

Pali mitu ina yolemera imene ikudikirabe alembi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ziwerengero za ngoziyo zinalembedwa m'malipoti, monga momwe zinalembedwera za njala ya 1949. Koma dzina la mnzake wa pa desiki amene sanabwererenso kusukulu, kulira kwa madzi usiku umenewo, ndi chifundo cha anthu amene anakumba matope ndi makasu kufuna anansi awo, zidzasungika pokhapokha ngati ana amene anaziona atazilemba okha. Ophunzira atatu kapena anayi angathe kuyamba monga anayambira a ku Chichiri mu 1970: kusankha tsiku limodzi pa sabata, kuwerengerana zimene alemba, ndi kuuzana moona mtima pamene mzere wakoma ndi pamene walephera. Ufulu wosankha mutu, umene Chilembwe anamanidwa mu 1914 ndiponso umene Mapanje anaulipira ndi zaka zoposa zitatu m'ndende, tsopano uli m'manja mwawo.